A Abdul Kalam a ku India: maroketi, mizinga ndi mpando wa pulezidenti

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayendayenda chithunzi cha mkulu wina wa ku India, wa tsitsi laimvi logwera m'makutu, akumwetulira, ndipo m'munsi mwake mumakhala mawu olimbikitsa ana asukulu. Mkuluyo ndi a A.P.J. Abdul Kalam. Mukafunsa kuti anali ndani, mayankho amasiyana. Wina akuuzani kuti ndi amene anapanga bomba la nyukiliya la India. Wina ati ndi amene anafikitsa India kumwezi. Winanso ati analamulira dzikolo zaka zisanu n'kulitukula. Yankho lililonse lili ndi kachoonadi kake, koma palibe limene lalasa pakati. Chisokonezo chimabwera chifukwa moyo wa munthu mmodziyu unadutsa m'zinthu zingapo zomwe ambiri timaziphatikiza: roketi yonyamula setilaiti, mzinga wankhondo, bomba la nyukiliya, ndi udindo wa pulezidenti m'dziko lomwe boma limayendetsedwa ndi nduna yaikulu. Tikazilekanitsa zimenezi, mbiri yawo imamveka, ndipo zomwe anthu amakangana za iwo zimamvekanso.

Mwana wa pachilumba

Anabadwa pa 15 Okutobala 1931 ku Rameswaram, tauni ya pachilumba cha Pamban, kummwera kwenikweni kwa India, m'chigawo chomwe lero ndi Tamil Nadu. Banja lawo linali la Chisilamu. Bambo awo, a Jainulabdeen, ankatsogolera mapemphero pamzikiti ndipo anali ndi boti lomwe linkawolotsa Ahindu obwera kudzapembedza pamalo awo opatulika. Ndalama pakhomopo zinali zochepa, moti ali mnyamata a Kalam ankagawa nyuzipepala kuti athandize makolo. Anaphunzira physics ku St Joseph's College ku Tiruchirappalli n'kumaliza mu 1954, kenako anakachita za uinjiniya wa ndege ku Madras Institute of Technology.

Khumbo lawo linali kuyendetsa ndege zankhondo. Pamayeso olowera ntchitoyo anakhala nambala 9, malo ali 8 okha. Zitakanika choncho analowa ntchito ku DRDO, nthambi ya boma yofufuza za zida zankhondo, ndipo kumeneko ndi komwe akuluakulu a pulogalamu yatsopano ya zamlengalenga anawaonera n'kuwatenga.

Roketi ya setilaiti imagwira ntchito bwanji

Mwana akaponya mwala ndi legeni, mwalawo umakwera, kupinda, n'kugwa. Akakoka mphira kwambiri umakagwa patali. Tsopano yerekezani kuti mwalawo wafika pamwamba pa mpweya wonse, ndipo ukuthamanga chopingasa mwaliwiro loti pamene ukugwa, dziko nalo, poti ndi lobulungira, likupindika pansi pake. Mwala wotere sufika pansi, umangozungulira dziko. Setilaiti ndi imeneyo, ndipo liwiro lofunika kuti zitheke ndi pafupifupi makilomita 28,000 pa ola. Ntchito ya roketi ndi kupereka liwiro limenelo. Poti mafuta ofunika ndi ochuluka kwambiri, roketi imamangidwa m'magawo osanjikizana. Gawo lapansi likatha mafuta limaduka n'kugwa, lotsatira n'kuyaka, mpaka kakatundu kakang'ono ka pansonga katafika.

India inayamba ntchitoyi m'manja muli mbee. Mtsogoleri wake, a Vikram Sarabhai, anasankha mudzi wa asodzi wotchedwa Thumba ku Kerala, chifukwa uli pafupi ndi mzere wa pakati wa maginito a dziko lapansi, malo abwino ophunzirirapo mlengalenga. Pamalopo panali tchalitchi cha Katolika cha St Mary Magdalene. Bishopu ndi akhristu ake anavomera kuchipereka, mabanja a asodzi anasamutsidwa, tchalitchicho chinasanduka malo ogwiriramo ntchito ndipo nyumba ya bishopu inakhala ofesi. Pali zithunzi za nthawi imeneyo zosonyeza nsonga ya roketi ikukankhidwa panjinga yakapalasa. Roketi yoyamba kuuluka pa Thumba, pa 21 Novembala 1963, inali ya ku America, yamtundu wa Nike-Apache, yongokwera n'kutsika. A Kalam anali m'kagulu ka mainjiniya achinyamata omwe anatumizidwa ku NASA, bungwe la America loona zamlengalenga, chaka chomwecho kukaphunzira zoyambira.

Bungwe la India loona zamlengalenga, la ISRO, litakhazikitsidwa mu 1969, a Kalam anapatsidwa ntchito yotsogolera gulu lomanga roketi ya India yeniyeni, SLV-3. Inali ya magawo anayi, yonse yoyendera mafuta olimba, yotalika mamita 22 ndipo yolemera matani 17. Ntchitoyo inawatengera pafupifupi zaka khumi.

Pa 10 Ogasiti 1979 anaiyesa koyamba pachilumba cha Sriharikota. Monga momwe eni ake ankafotokozera kawirikawiri, kutatsala pang'ono kuti inyamuke kompyuta inaimitsa zonse, kusonyeza kuti pena pake pali vuto. Akatswiri awo anawerengera n'kunena kuti kudontha komwe kunaoneka sikungalepheretse ulendo, ndipo a Kalam analamula kuti apitirire osamvera kompyuta. Gawo loyamba linayenda bwino. Lachiwiri linataya njira, ndipo patangotha mphindi zisanu roketi ndi setilaiti yomwe zinali m'nyanja ya Bay of Bengal. Atolankhani anali akudikira. Wapampando wa ISRO, a Satish Dhawan, anapita okha kukayankha mafunso, nasenza cholakwacho pamutu pawo, n'kunena kuti gulu lawo akulikhulupirira ndipo chaka chamawa lidzapambana. Pa 18 Julayi 1980 SLV-3 inaika setilaiti ya Rohini, yolemera makilogalamu 35, m'njira yake yozungulira dziko, ndipo India inalowa m'gulu la mayiko ochepa otha kutumiza setilaiti ndi roketi yawoyawo. Tsiku limenelo a Dhawan anauza a Kalam kuti apite iwowo kukalankhula ndi atolankhani.

Nkhani iyi ndi yofunika kuimvetsa chifukwa ikusonyeza mtundu wa ntchito yomwe a Kalam ankaidziwa. Sanatulukire lamulo latsopano la sayansi, ndipo "Dr" wa patsogolo pa dzina lawo anachokera ku madigiri aulemu omwe mayunivesite ambiri anawapatsa. Luso lawo linali kugwirizanitsa mainjiniya mazanamazana, mafakitale ndi maofesi a boma kuti chinthu chovuta chithe. Maulendo a kumwezi, a Chandrayaan mu 2008 ndi mu 2023, anachitika iwo atachoka kale ku ISRO. Chomwe anasiya ndi maziko omwe maroketi akuluakulu a m'tsogolo anamangidwapo.

Pamene roketi isanduka mzinga

Tibwerere ku mwala uja. Mukaupatsa liwiro locheperapo pa lofunika kuti uzungulire dziko, umakwera pamwamba n'kukagwa pamalo ena, mtunda wa makilomita mazana kapena masauzande. Mukatha kuwerengera bwino pomwe ukagwere, n'kuika bomba pansonga m'malo mwa setilaiti, mwapanga mzinga wouluka patali. Injini, mafuta ndi zida zowongolera njira n'zofanana kwambiri. Chowonjezera chachikulu n'chakuti nsonga ya mzinga iyenera kupirira kutentha koopsa pobwereranso mumpweya. N'chifukwa chake mayiko amphamvu amadera nkhawa dziko lililonse lomwe layamba kupanga maroketi, ngakhale litanena kuti ndi a zanyengo chabe. Ku Soviet Union, roketi yomwe inanyamula Sputnik, setilaiti yoyamba padziko lonse, mu 1957 inamangidwa poyamba ngati mzinga. Ku India zinayenda chobwerera: roketi ya setilaiti ndi imene inabala mzinga.

Mu 1982 a Kalam anabwerera ku DRDO kukatsogolera malo ofufuzira za mizinga ku Hyderabad, ndipo mu 1983 boma la mayi Indira Gandhi linavomereza pulogalamu yopanga mitundu isanu ya mizinga nthawi imodzi: Prithvi, Agni, Akash, Trishul ndi Nag. Prithvi, wofika makilomita 150, unayesedwa mu Febuluwale 1988. Agni unauluka pa 22 Meyi 1989 kuchokera ku Chandipur, m'mbali mwa nyanja ku Odisha, utalephereka kunyamuka kawiri konse, ndipo nthawi iliyonse anthu a m'midzi yozungulira ankasamutsidwa kaye. Gawo lake loyamba linatengedwa ku SLV-3. Apa ndi pomwe atolankhani anayamba kuwatchula a Kalam kuti bambo wa mizinga.

Pakati pa ntchitoyi, mu 1987, mayiko olemera asanu ndi awiri anapangana zoletsa kugulitsa luso ndi zipangizo zopangira mizinga yofika patali. Mgwirizanowo umatchedwa MTCR. India inatsekeredwa zipangizo zambiri, ndipo inayenera kuphunzira kuzipanga yokha. Ochemerera a Kalam amaloza apa: chiletsocho chinakakamiza dziko kudzidalira. Odzudzula amaloza pena: mizinga ina ya pulogalamuyo inachedwa ndi zaka zambirimbiri, Trishul sunalowe n'komwe m'manja mwa asilikali, ndipo India inapitirizabe kugula zida zambiri kunja. Zonse ziwirizi n'zoona. India yomweyo inadzalowa mu MTCR mu 2016.

Pali kanthu kena ka nthawi imeneyi komwe a Kalam ankakanyadira kuposa mizinga. Madokotala a ku Hyderabad anawaonetsa ana olumala ndi poliyo akukoka miyendo yomangidwa zitsulo zolemera. Gulu lawo linagwiritsa ntchito zipangizo zopepuka za m'mizinga kupanga zothandizira kuyenda zopepuka pafupifupi kakhumi kuposa zakalezo. Pambuyo pake anagwiranso ntchito ndi dokotala wa mtima, a Soma Raju, kupanga kachipangizo kotsekula mitsempha ya mtima kotsika mtengo.

Bomba la ku Pokhran: ndani anachita chiyani

Mzinga ndi chonyamulira, bomba la nyukiliya ndi katundu, ndipo zimapangidwa ndi anthu osiyana. Ku India bombalo linali m'manja mwa nthambi ya mphamvu za atomu. Dzikolo linaphulitsa loyamba mu Meyi 1974 m'chipululu cha Pokhran ku Rajasthan, nthawi yomwe a Kalam anali otanganidwa ndi SLV-3. Chomwe chinakankhira India kumeneko ndi mbiri ya m'deralo: inagonja pankhondo ndi China mu 1962, China n'kuphulitsa bomba lake mu 1964. Pangano la dziko lonse loletsa kufalikira kwa zida za nyukiliya, la mu 1968, linalola mayiko asanu okha kukhala nazo, omwe anali ataphulitsa kale chisanafike chaka cha 1967. India inakana kusaina, ikunena kuti panganolo likugawa mayiko m'magulu awiri, ololedwa ndi oletsedwa.

Pa 11 ndi pa 13 Meyi 1998, boma la a Atal Bihari Vajpayee linaphulitsa mabomba asanu pansi pa nthaka ku Pokhran komweko. Panthawiyo a Kalam anali mkulu wa DRDO komanso mlangizi wa zasayansi wa nduna ya zachitetezo, ndipo anayendetsa zokonzekera pamodzi ndi a R. Chidambaram, mkulu wa za atomu. Kamangidwe ka mabombawo kanali ka gulu la a Chidambaram. Mbali ya DRDO inali kukonza malo pamodzi ndi asilikali ndi kupanga zina mwa zida zoyatsira ndi zotetezera. Zambiri ankachita usiku pozemba masetilaiti a America, asayansi atavala yunifolomu ya asilikali ndi kupatsidwa mayina ena. Choncho kunena kuti a Kalam ndi amene anapanga bomba n'kuwonjezera, koma kunena kuti sizinkawakhudza n'kulakwanso. Anali mmodzi wa atsogoleri awiri a ntchitoyo ndipo anaiikira kumbuyo moyo wawo wonse. Ankakonda kunena kuti wamphamvu amalemekeza wamphamvu mnzake.

Pasanathe masabata atatu Pakistan inaphulitsa ake kumapiri a Chagai. America ndi Japan anaika zilango za zachuma pa mayiko onse awiri. Mu 1999 India ndi Pakistan anamenyana kumapiri a Kargil, aliyense ali ndi bomba kumbuyo. Mu 2009 a K. Santhanam, omwe anali nawo pa ntchito ya ku Pokhran, ananena poyera kuti bomba lalikulu la tsiku loyamba silinaphulike ndi mphamvu yomwe boma linalengeza. A Kalam ndi a Chidambaram anatsutsa zimenezo.

Pulezidenti wa India ali ndi mphamvu zotani

Apa ndi pomwe owerenga a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique timasokonekera kwambiri, chifukwa kwathu pulezidenti ndiye mwini boma. Ku India si choncho. Anthu amasankha aphungu, chipani kapena mgwirizano wokhala ndi aphungu ambiri umatulutsa nduna yaikulu, ndipo iyo ndi nduna zinzake ndi amene amayendetsa dziko. Pulezidenti ndi mutu wa dziko, amasainira malamulo ndi kulumbiritsa boma, koma malamulo aakulu a dzikolo amamulamula kutsatira uphungu wa nduna. Chofanana nacho m'mbiri yathu ndi zaka za 1964 mpaka 1966, pomwe Sir Glyn Jones anali bwanamkubwa wamkulu koma boma lili m'manja mwa nduna yaikulu, Dr Hastings Kamuzu Banda. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku India saimira mfumu yakunja. Amasankhidwa ndi aphungu a nyumba ya malamulo ya dziko pamodzi ndi a nyumba za malamulo za m'zigawo.

Mu 2002 mgwirizano wolamula, wotsogoleredwa ndi chipani cha BJP, unatchula dzina la a Kalam. Chipani chachikulu chotsutsa cha Congress chinavomereza. Zipani za chikomyunizimu zinaimika mayi Lakshmi Sahgal, omwe anamenyera nawo ufulu wa dzikolo, koma a Kalam anapambana ndi mavoti pafupifupi 90 pa 100 alionse, nalumbira pa 25 Julayi 2002 kukhala pulezidenti wa nambala 11. Nthawi yake inali yovuta. Miyezi yochepa m'mbuyomo ku Gujarat kunachitika zipolowe zomwe zinapha anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo Asilamu, boma la chigawocho lili la BJP. Ena anaona kusankhidwa kwa Msilamu wotchuka ngati njira ya chipanicho yodziyeretsera. Ena anati munthu wa mbiri yoteroyo akanasankhidwa ndi boma lililonse. Mwezi wotsatira atalowa ofesi, a Kalam anapita ku Gujarat kukaona anthu omwe anathawa m'nyumba zawo.

Mphamvu zochepa zomwe udindowo uli nazo anaziyesa, ndipo zotsatira zake zinali zosakanikirana. Pulezidenti angathe kubweza bilu kamodzi kuti aphungu aionenso. Mu 2006 a Kalam anabweza bilu yolola aphungu kukhala ndi maudindo ena olipidwa a boma osataya mipando yawo. Aphungu anaivomerezanso osasintha kanthu, ndipo iwo anasaina, poti lamulo silinawapatse njira ina. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Meyi 2005, ali paulendo ku Moscow, boma linawatumizira usiku pempho lothetsa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Bihar, ndipo anasaina. Khothi lalikulu linagamula kuti kuthetsako kunali kosemphana ndi malamulo, ndipo iwo anadzaulula kuti anaganizapo zotula pansi udindo. Pa mapempho a chikhululukiro ochokera kwa anthu oweruzidwa kuti anyongedwe, ambiri anawasiya osayankha. Limodzi lomwe analikana linali la Dhananjoy Chatterjee, yemwe ananyongedwa mu 2004.

Nanga kutchuka konseko kunachokera kuti? Kunachokera pa momwe anakhalira pampandopo. Nyumba ya boma ya ku New Delhi, yomwe inamangidwira olamulira achitsamunda, anaitsekulira ana asukulu. Ankayankha makalata ndi maimelo a anthu wamba. Sanakwatire, sankadya nyama, ankawerenga Korani ndi mabuku opatulika a Ahindu, ankaimba chida cha zingwe chotchedwa veena, ndipo anatuluka mu 2007 ndi katundu wochepa. Mu 2006, ali ndi zaka 74, anakwera ndege yankhondo ya Sukhoi, maloto aja omwe anawaphonya ndi malo amodzi. Atapuma anabwerera kukaphunzitsa, ndipo anagwa akulankhula kwa ophunzira ku Shillong pa 27 Julayi 2015, mtima utaima, ali ndi zaka 83. Anaikidwa kwawo ku Rameswaram.

Masomphenya a chitukuko, ndi gawo lomwe linafika kuno

Mu 1998 a Kalam ndi a Y.S. Rajan analemba buku lonena kuti India ingathe kukhala dziko lotukuka pofika 2020. Anabweretsanso ganizo lotchedwa PURA, lofuna kulumikiza midzi ingapo yoyandikana ndi misewu, intaneti, maphunziro ndi misika kuti achinyamata asamathawire m'mizinda. Boma linayesa ganizoli m'malo ochepa, ndipo mu 2012 nduna yoona za kumidzi inanena poyera kuti kuyesako sikunaphule kanthu. Chaka cha 2020 chinafika chuma cha India chitakula kwambiri, koma Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ikuliikabe dzikolo m'gulu la mayiko opeza pakatikati cha kumunsi. Lero boma likutchula 2047 ngati chaka chomwe dzikolo lidzakhale litatukuka.

Mu Sepitembala 2004, polankhula ku nyumba ya malamulo ya Africa ku South Africa, a Kalam anapereka ganizo lolumikiza mayiko a mu Africa ndi mayunivesite komanso zipatala za ku India kudzera pa setilaiti ndi mawaya a intaneti. Ntchitoyo, Pan-African e-Network, inayamba mu 2009, ndipo Malawi, Zambia ndi Mozambique analowa m'gawo lachiwiri mu 2010. Ophunzira ankamvera aphunzitsi a ku India pakanema ali kwawo konkuno, ndipo madokotala ankatha kufunsira nzeru kwa anzawo a kumeneko.

Zomwe anthu sanamvanebe

Funso lakale kwambiri ndi lomwe a Sarabhai ankafunsidwa kuyambira ku Thumba: dziko lokhala ndi anthu ambirimbiri osauka liwonongerenji ndalama pa maroketi? Oyankha amatchula namondwe. Wa ku Odisha mu 1999 anapha anthu pafupifupi 10,000, pomwe wa mu 2013 m'dera lomwelo anapha anthu osafika 100, masetilaiti atathandiza kuchenjeza msanga ndipo anthu pafupifupi miliyoni atasamutsidwa. Otsutsa amati yankho limenelo likukwanira pa setilaiti ya zanyengo, koma silikufotokoza ndalama zomwe zinapita ku mizinga.

Za bomba, mkangano ndi wakuti kodi linateteza India kapena linangochititsa kuti Pakistan ionetse lake, n'kusiya mayiko awiri oyandikana ataloza zida zoopsa wina kwa mnzake. Ena amati kuyambira 1998 sipanakhale nkhondo yaikulu pakati pawo chifukwa cha mantha omwewo. Ena amati kumenyana kwapamalire kukupitirirabe, ndipo kulakwitsa kamodzi n'kokwanira. Pomwepo pali funso lokhudza a Kalam eni ake: munthu amene ankalalikira mtendere kwa ana angagwirizanitse bwanji zimenezo ndi zida zomwe anathandiza kupanga? Iwo sankaona kusemphana. Omenyera kuthetsa zida za nyukiliya m'dziko lomwelo amakuona.

Pakati pa Asilamu a ku India palinso kusiyana maganizo. Ena amawatenga ngati umboni woti mwana wa imamu wa pachilumba angafike pamwamba penipeni. Ena amafunsa ngati anakondedwa chonchi chifukwa sankalankhula kwambiri za mavuto a Asilamu anzawo. Ndipo akatswiri a malamulo akukambiranabe za Bihar: pulezidenti amene malamulo amamulola kubweza uphungu wa nduna kamodzi, akanayenera kuubweza usiku uja ku Moscow, kapena munthu wosasankhidwa ndi anthu mwachindunji sayenera kuchedwetsa boma losankhidwa?